KWANU N'KUTI? MBIRI YA ANA OLEREDWA KWINA

Tsiku limene ndinafika pa koleji pano, mnzanga amene tinapatsidwa chipinda chimodzi anandifunsa funso limene Mmalawi aliyense amafunsa mlendo asanamve n'komwe dzina lake: "Kwanu n'kuti, achimwene?" Ine ndinati, "Ku Area 47." Iye anaseka chikhakhali. "Ayi, ndikunena kwanu kwenikweni. Munthu kwawo sikukhala nambala."

Ndinaseka naye limodzi, kenaka ndinatchula mudzi wa amayi ku Dedza, mfumu yaikulu ndi boma, monga momwe timalembera pa mafomu. Anakhutira. Koma ine ndinkadziwa kuti yankho loyamba lija ndilo linali langa, ndipo lachiwirilo ndinachita kubwereka. Ndalemba nkhani ino chifukwa chakuti nditayamba kufufuza za ine ndekha, ndinapeza kuti njira imene ndinkayesa kuti ndikuilambula ndine inapondedwa kale ndi ana ena a dziko lino, zaka zoposa 150 zapitazo. Aphunzitsi athu a mbiri andikhululukire ngati ndasakaniza za m'mabuku ndi za m'nyumba mwathu. Kwa ine zinakana kulekana.

Mnzanga uja sanalakwe kwenikweni. Lilongwe wakale, amene lero timati Old Town, anayamba ngati boma la atsamunda m'mbali mwa mtsinje kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Koma Lilongwe amene ndinakuliramo ine anayamba wajambulidwa papepala. Mu 1968 boma linakhazikitsa bungwe lomanga likulu latsopano, ndalama zoyambira zinachokera ku South Africa, ndipo mu 1975 likulu linasamuka ku Zomba. Midzi imene inali pamalopo inasamutsidwa, malo n'kudulidwa zigawo, chigawo chilichonse n'kupatsidwa nambala. Manambalawo satsatana ndi malo: kwa ife a ku 47, Area 18 ili pafupi kuposa Area 44. Anthu amene anadzamanga kapena kuchita lendi m'zigawo zimenezi anali akalaliki, aphunzitsi, anamwino ndi amalonda ochokera m'maboma onse, ndipo aliyense anali ndi kwawo kwina kumene ankatumizako feteleza ndi kumene ankayembekeza kudzaikidwa. Ana athu tonse a mu msewu wathu tinali ndi "kumudzi". Inenso ndinali nako, mpaka chaka chimene ndinalemba mayeso a Folomu 4.

Chaka chimenecho agogo, amayi awo a amayi, anamwalira. Tinapita ku Dedza, tinaika maliro, ndipo tsiku lometa akuluakulu anakhala pansi pa mtengo kukambirana za munda ndi dimba zimene gogoyo anasiya. Mwa Achewa mbumba imawerengedwa mwa mabere: ana a mayi uyu ndi bere limodzi, ana a mng'ono wake ndi bere lina. Amalume atayamba kutchula ana a bere lathu, anatchula ine. Pamenepo mayi wina, msuweni wa amayi, anayankhula osakweza n'komwe mawu, ngati akukumbutsa chinthu chimene aliyense akudziwa: "Uyo musamuwerenge. Si wa bere lino. Anachita kutola."

Palibe anam'tsutsa. Amalume anayang'ana pansi. Amayi anadzuka n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Chimene chinandipweteka koposa si mawuwo ayi, koma kuona kuti ngakhale ana amene ndinkasewera nawo mpira wachikulunga patchuthi chilichonse sanadabwe. Mudzi wonse unkadziwa mbiri yanga, kupatula ine mwini wake.

Titabwerera ku Lilongwe, usiku womwewo amayi anatulutsa kachitini ka mabisiketi m'sutikesi. Munali mapepala awiri. Loyamba linali chigamulo cha khoti chonena kuti kuyambira tsiku lakutilakuti ndine mwana wawo ndi abambo. Lachiwiri linali khadi la kusikelo, lothimbirira, lokhala ndi dzina limene sindinalimvepo, dzina la mudzi lolembedwa mothamanga, ndi mzere umodzi wa namwino wonena kuti mayi anamwalira mwana ali ndi masiku asanu ndi anayi. "Tinkadikira kuti ukule," anatero amayi. "Ukukula, ifenso mantha amakula."

Ndisanapitirize za ine, tiyeni tibwerere m'mbuyo, pakuti kulera mwana wa wina si chinthu chimene tinaphunzira kwa Azungu. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, ndi wakale kuposa khoti lililonse. Mayi akamwalira, mng'ono wake kapena mkulu wake ankatenga mwana, ndipo panalibe chachilendo, popeza mwanayo ankamutchula kale kuti amayi. Malume, monga mwini mbumba, ankaona kuti mwana wa mlongo wake wadya, wavala, walowa chinamwali, wapeza banja. Mayi wosabereka ankapatsidwa mwana wa m'bale wake kuti azimutuma madzi ndi moto. M'kulera konseku mwana ankasamuka nyumba, koma mfunda wake unkadziwika, manda a mayi wake ankadziwika, ndi malo amene anakwirira mchombo wake atatuluka m'chikuta ankadziwika. Ankapeza mayi wachiwiri osataya woyamba.

Komatu tisadzinamize kuti kale zonse zinali zokoma, monga amachitira ena a ife tikamalemba ndakatulo za kumudzi. Panalinso kulera kwina kumene kunkafufuta. Banja likapalamula mlandu kapena likagwa m'ngongole, linkatha kupereka mwana ngati chikole, ndipo ambiri sanaomboledwe. M'nthawi ya njala mwana ankasinthanitsidwa ndi dengu la mapira. Angoni, amene gulu la Zwangendaba linaoloka Zambezi mu Novembala 1835, anakula kukhala mtundu waukulu chifukwa chogwira ana a mitundu ina, Asenga, Achewa, Atumbuka, n'kuwalera m'midzi yawo mpaka anawo n'kuyamba kudzitcha Angoni. Mdzukulu wa kapolo ankatha kukhala munthu wolemekezeka m'mudzi, koma pa mfundo imodzi: chiyambi chake chisatchulidwe. Kutchula kunali kutukwana, ndipo kunkafika pa bwalo. Chinsinsicho chinkasungidwa bwino mpaka tsiku logawa munda kapena lolonga ufumu, pamene wina ankachitulutsa ngati nkhwangwa. Mayi uja wa pansi pa mtengo ku Dedza sanayambitse kanthu. Anangotsata mwambo wakale womwewo.

Ana oyamba a dziko lino amene mbiri yawo yoleredwa kwina inalembedwa ndi a ku Magomero. Mu Julaye 1861 David Livingstone ndi Bishopu Charles Mackenzie, akukwera mapiri kuchokera ku Shire, anakumana ndi gulu la akapolo pa mudzi wa Mbame. Oyendetsa akapolowo anathawa, ndipo anthu 84 anamasulidwa m'magoli. Ambiri anali amayi ndi ana. Atafunsidwa kumene akufuna kupita, ambiri analibe koti n'kupita, popeza midzi yawo inali itatenthedwa kapena abale awo omwe ndiwo anawagulitsa. Anthu amenewa, pamodzi ndi ena omasulidwa pambuyo pake, ndiwo anakhala mpingo woyamba wa mishoni ya UMCA ku Magomero. Amene akufuna nkhani yonse awerenge buku la Landeg White lotchedwa Magomero, la mu 1987. Mlembiyo anaphunzitsapo pa Yunivesite ya Malawi.

Mishoniyo sinakhalitse. Mackenzie anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, njala ndi nkhondo zinasesa chigwa cha Shire, ndipo bishopu wotsatira, William Tozer, anaganiza zosamukira ku Zanzibar. Funso linali lakuti ana aja atani. Horace Waller, mmodzi wa amishoniwo, anakana kuwasiya, ndipo anatenga ena n'kupita nawo ku Cape Town. Mwa iwo munali kamtsikana kotchedwa Daoma, kamene Mackenzie anakanyamulapo paphewa katalephera kuyenda. Anabatizidwa dzina lakuti Anne, anakulira ku nyumba ya ana amasiye ya St George's ku Cape Town, ndipo anadzakhala mphunzitsi komweko. Mnyamata wina, Tom Bokwito, anakaphunzira ku Lovedale, n'kudzabwerera monga womasulira wa Henry Henderson pa ulendo wofuna malo omangapo mishoni, ulendo umene unabala Blantyre mu 1876.

Koma anyamata awiri ndiwo akhala nane m'maganizo zaka zonsezi: Chuma ndi Wikatani. Onse anamasulidwa mu 1861 ali ana. Mu 1864 Livingstone anawatenga pa sitima yake ya Lady Nyassa kuoloka nyanja yaikulu mpaka ku Bombay, kumene anawasiya pa sukulu ya Dr John Wilson. Anaphunzira kuwerenga, anabatizidwa, ndipo mu 1866 anabwerera naye ku Africa pa ulendo wake womaliza. Mu Seputembala chaka chimenecho anafika kwa Mponda, kumunsi kwa nyanja, m'boma limene lero ndi Mangochi. Kumeneko Wikatani anakumana ndi munthu amene anati ndi m'bale wake, ndipo anamva kuti alinso ndi mkulu wake ndi mlongo wake kumudzi wina, ndiponso kuti bambo wake, yemwe ndiye anamugulitsa, anamwalira. Anapempha kutsala. Livingstone anamulola. Mnyamata amene anaona Bombay, wodziwa kuwerenga ndi kulemba, anasankha kukhala pakati pa anthu amene anamugulitsa. Amishoni a Livingstonia podutsa kwa Mponda ndi sitima ya Ilala mu 1875 anamupeza akadali konko, ndipo sanasangalale ndi moyo umene ankakhala.

Patangopita masiku ochepa Wikatani atatsala, pa mudzi wina mayi wina anauza Chuma kuti iye ndi azakhali ake. Livingstone analemba m'buku lake la ulendo kuti mayiyo anayamba wafunsa Chuma dzina la bambo wake ndi mtundu wake, ndipo atamva mayankho m'pamene anadziulula kuti ndi m'bale. Mzunguyo anaona kuti ndi chinyengo. Chuma anafuna kupereka nsalu ndi mikanda, ndipo atakanizidwa nsaluyo anapereka mikanda pang'ono, supuni yake ndi tinthu tina timene anali nato. Kenaka anapitiriza ulendo. Ndi Chuma yemweyu amene, Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu Meyi 1873, anatsogolera pamodzi ndi Susi kukwirira mtima wake pansi pa mtengo ndi kunyamula mtembo miyezi yambiri mpaka ku gombe la Bagamoyo. Anafika ku England mu 1874, anatsogolera maulendo ena a Azungu, ndipo anamwalira ku Zanzibar mu 1882.

M'mabuku a sukulu Chuma ndi chitsanzo cha kukhulupirika, ndipo Wikatani satchulidwa, kapena akatchulidwa ndi monga wobwerera m'mbuyo. Ine sindiwaona choncho. Ndimaona anyamata awiri a njala imodzi. Wina anapeza abale n'kutsala. Wina anapeza azakhali okayikitsa n'kupereka supuni. Ndipo za supuniyo ndimati: mwina Chuma sanapusitsidwe monga ankaganizira bwana wake. Munthu amene kwa zaka zisanu palibe anamutchulapo kuti mwana wa achimwene, akamva mawuwo kamodzi, supuni ndi mtengo wochepa.

Kulera kwa m'khoti kunabwera mochedwa. Lamulo la kutenga ana limene Nyasaland analandira mu 1949, chaka cha njala yaikulu ija, linatengera lamulo la ku England la mu 1926. Mtima wa lamuloli ndi wakuti khoti likagamula, udindo ndi ufulu wonse wa makolo obereka umatha, n'kupita kwa makolo atsopano, ngati kuti mwanayo anabadwira m'nyumba mwawo. Apa pali vuto la chinenero limene ife a m'gulu la alembi tiyenera kuliganizira. Mawu a Chingerezi akuti adoption alibe mnzake weniweni m'Chichewa. Tikati kulera, mayi wa kumudzi amamva kuti mwana akadya, akaphunzira, adzabwera. Tikati kutenga mwana, achikulire amamva mwambo wina wa m'nyumba umene makolo amachita khanda likatha miyezi ingapo. Tilibe liwu limodzi lotanthauza kuti mwana wako waleka kukhala wako iwe uli moyo, chifukwa chinthucho m'maganizo athu kunalibe. Womasulira wa m'khoti akafuna kunena zoona ayenera kuyankhula ziganizo zingapo, ndipo si onse amene amafika kumapeto.

Kwa zaka zambiri lamuloli linkagwira ntchito mwakachetechete. Kenaka kunabwera Edzi. Wodwala woyamba m'dziko muno anapezeka mu 1985, ndipo pofika cha m'ma 2005 ana amasiye ankawerengedwa pafupifupi miliyoni imodzi, pafupifupi theka la iwo chifukwa cha matendawa. Ochuluka zedi analeredwa ndi agogo ndi azakhali, monga mwa kale. Koma mbumba zina zinatopa, maliro atachuluka kuposa manja olima, ndipo nyumba zosungira ana zinayamba kumera m'maboma onse. Ambiri mwa ana a m'nyumbazi sanali opanda abale. Anali ana amene abale awo analibe mkaka.

Dziko lonse lapansi linamva za lamulo lathu mu Okotobala 2006, pamene woimba wa ku America, Madonna, anapempha khoti lalikulu ku Lilongwe kuti atenge David Banda, mwana wa chaka chimodzi wa ku Home of Hope ku Mchinji. Mayi wa mwanayo anali atamwalira atangobereka, koma bambo wake anali moyo. Jaji Andrew Nyirenda anapereka chilolezo chongoyembekezera, mabungwe omenyera ufulu wa anthu anadandaula kuti lamulo limafuna kuti wotenga mwana akhale wokhala m'dziko muno, ndipo chigamulo chomaliza chinaperekedwa mu Meyi 2008. M'masabata oyambirira aja nyuzipepala zinalemba kuti bamboyo ananena kuti iye ankamva ngati mwana akukaleredwa ndi kuphunzitsidwa, osati kutengedwa mpaka kalekale. Pambuyo pake ananena kuti akuvomereza. Ena anamuseka kuti ndi wosinthasintha. Ine ndikuganiza kuti anagwa m'dzenje lomwe lija la pakati pa kulera ndi adoption. Mu Epulo 2009 Jaji Esme Chombo anakana pempho lachiwiri la woimbayo, lofuna Chifundo James, pa mfundo ya kukhala m'dziko. Mu Juni chaka chomwecho khoti la apilo, motsogozedwa ndi Jaji Wamkulu Lovemore Munlo, linatembenuza chigamulocho, ponena kuti choyamba kuganizira ndi ubwino wa mwana.

Ndinali mwana pamene izi zinkachitika, ndipo ndikukumbuka abambo akutsutsana ndi anzawo pakhonde, ena akuti mwana wapita ku mwayi, ena akuti dziko lagulitsa mwana. Amayi ankangolowa m'khitchini. Lero ndikudziwa chifukwa chake. Ndikuonanso kuti m'mkangano wonsewo anthu ankafunsa kuti mwana akule kuti, koma ochepa ankafunsa kuti akadzakula n'kufuna kudziwa, adzapeza chiyani cholembedwa. Ana a woimbayo mbiri yawo inalembedwa m'nyuzipepala za dziko lonse, ndipo akhala akubwera kuno. Amene ali pa vuto ndi mazana enawo, otengedwa popanda kamera, ena kupita kunja, ena kungooloka Lingadzi monga ine.

Maiko ena anadutsa kale pamenepa. Ku England komwe kunachokera lamulo lathu, mu 1975 anasintha kuti munthu woleredwa akakula athe kuona chikalata chake choyamba cha kubadwa. Ku South Korea, kumene ana pafupifupi 200,000 anatumizidwa kunja chithere nkhondo ya m'ma 1950, anawo atakula anabwerera kudzafunsa, ndipo mu 2025 bungwe la boma lofufuza zoona linavomereza kuti mapepala a ena anali abodza: ana okhala ndi makolo ankalembedwa kuti ndi otayidwa. Ethiopia analetsa kutumiza ana kunja mu 2018. Kwathu kuno mawu abwino tili nawo. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989, limene Malawi analowamo mu 1991, limati mwana asungiridwe dzina, mtundu ndi ubale wake. Ndime 23 ya malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 imati mwana ali ndi ufulu wa dzina, ndiponso wodziwa makolo ake. Koma kumbukirani kuti pa lamulo la atsamunda kulembetsa kubadwa kwa mwana kunali kokakamiza kwa anthu osakhala Aafirika okha, ndipo kunayamba kukhudza aliyense ndi lamulo la kalembera la mu 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015. Ife obadwa kale chisanafike chaka chimenecho, mboni yathu ndi khadi la kusikelo ndi chikumbumtima cha nkhalamba.

Ndinadikira zaka zitatu ndisanayambe kufufuza, ndipo chondiletsa sichinali ndalama. Tsiku limene ndinatchula koyamba, amayi anasiya kusankha mpunga n'kundifunsa kuti, "Kodi tinakumana chiyani, mwanawe?" Ndinalibe yankho, chifukwa sanandimane kanthu. Anandigoneka m'chipatala usiku wonse ndikudwala chibayo, anagulitsa makina osokera kuti ndilipire fizi, anandimenya pamene ndinayenera kumenyedwa. Ichi n'chimene anthu osaleredwa kwina samvetsa: amayesa kuti wofufuza akufuna kusintha makolo. Ine sindinkafuna mayi wina. Ndinkafuna kudziwa nkhope imene ndinatengera, matenda amene ali m'magazi mwanga, ndi mfunda umene ndingatchule kuti tsiku lina ndisadzafunsire mlongo wanga.

Ndinayamba ndi maofesi. Ku ofesi ina ku City Centre anandituma ku ina ku Old Town. Kumeneko kalaliki wachifundo anafufuza masiku awiri m'chipinda chodzaza mafayilo omangidwa ndi zingwe, n'kupeza chikuto cholembedwa nambala ya mlandu wanga, m'kati muli pepala limodzi lomwe lija amayi anali nalo kale. Lipoti la wa zachisamaliro cha anthu, limene likanatchula amene anandipereka, munalibe. Nyumba ya ana imene ndinasungidwako inali itatsekedwa, ndipo mabuku ake palibe ankadziwa amene anatenga. Ku chipatala cha mishoni chimene chinadinda khadi lija anandiuza kuti kaundula wa chaka chimenecho anadyedwa ndi chiswe. Palibe anandibisira kanthu mwadala. Kungoti panalibe amene anaganiza kuti khanda lija lidzakula n'kubwera kudzafunsa.

Chinatsala ndi dzina la mudzi. Linalembedwa moti likhoza kuwerengedwa pawiri, ndipo midzi ya maina onse awiriwo ilipo m'dera la chipatalacho. Usiku woti mawa ndinyamuka, amayi analowa m'chipinda changa atanyamula chitenje chatsopano, shuga ndi mchere. "Sungapite chimanjamanja ngati wakuba," anatero. Kenaka anawonjezera, "Ndipo sungapite wekha ngati ulibe mayi." M'mawa tinakwera minibasi tonse awiri.

Mudzi woyamba sankadziwa kanthu. Wachiwiri, anyakwawa anatikhazika pa mphasa n'kuitanitsa nkhalamba ina. Gogoyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anayamba kufunsa: ndinabadwa chaka chanji, mwezi wanji, dzina la pa khadi ndani, anandisiya ku chipatala ndi mwamuna kapena mkazi. Ndikuyankha, mtima unandiuza kuti, izi n'zimene zinamuchitikira Chuma. Nditatha, gogoyo anati chaka chimenecho, nthawi yokolola, mwana wa mchemwali wake anamwalira atangobereka mwana wamwamuna. Bambo wa mwanayo anali wa pa esiteti ya fodya, wochokera kutali, ndipo anachoka maliro asanathe. Iwo analibe woyamwitsa, choncho malume wa malemuyo, amenenso anamwalira, anakasiya khandalo kwa masisitere. "Anati akalilera likadzayamba kudya nsima tidzalitenge," anatero. "Titapita anati linapita ku Lilongwe. Lilongwe ndi wamkulu, mwana wanga."

Mwezi unagwirizana. Dzina la pa khadi anati sakulikumbuka, mwina anapatsa ndi anamwino. Anatilondolera ku manda, anapempha chilolezo monga mwa mwambo, n'kutisonyeza kachulu kopanda mtanda pakati pa tina tambiri ta zaka zomwezo. Amayi ena a m'mudzimo anati mphumi yanga ndi ya malemuyo. Ena anati ayi, makutu okha. Umboni umene mphunzitsi wanga wa mbiri angaulandire panalibe. Ndinapereka shuga ndi mchere. Amayi anagwada, anapereka chitenje kwa gogoyo, n'kunena kuti, "Mwana wanu ndi uyu, tinakusungirani. Koma ifenso ndi wathu." Gogoyo anaomba m'manja n'kuti, "Wolera ndiye mayi. Ife tingomudziwa." Anandiuza mfunda wa malemuyo, ndipo ndinaulemba kuseri kwa khadi.

Ndabwererako kawiri chichokereni. Alipo anzanga amene amati ndikapimitse magazi, popeza masiku ano n'zotheka, kuti ndidziwe ngati gogoyo alidi wanga. Mwina tsiku lina ndidzatero. Pakali pano ndikuopa kumulanda mdzukulu kachiwiri.

Chimene ndaphunzira m'mbiriyi n'chakuti funso lakuti mwana akule ndi yani lili ndi mayankho ambiri abwino. Daoma anakula bwino ku Cape Town; Wikatani anasankha kwa Mponda; ine ndinakula bwino ku Area 47. Choipa chimene chimabwerezeka, kuyambira pa chikole ndi magoli mpaka pa fayilo yopanda kanthu, ndi kudula chingwe chimene mwana angadzatsate pobwerera. Makolo athu pamene ankachita bwino ankalera osafufuta, ndipo pamene ankachita zoipa ankabisa n'kudzaulula pa tsiku la munda. Lamulo la mu 1949 linatengera mbali yofufutayo n'kuidinda chidindo.

Tsono kwa inu anzanga amene mudzakhale oweruza, anamwino, a zachisamaliro cha anthu ndi akalaliki a m'maboma, pempho langa ndi laling'ono. Khanda likafika m'manja mwanu, lembani dzina la mayi lonse, mfunda wake, mudzi, nyakwawa, mfumu yaikulu, ndi dzina la amene walibweretsa. Lembani mooneka bwino. Sungani pamalo posafika chiswe. Womasulira auze abale m'Chichewa chomveka chimene chigamulo chikutanthauza, ngakhale zitatenga ola lathunthu. Ndipo inu amene mudzalere ana a ena, auzeni okha akadali aang'ono, m'nyumba mwanu, asadzamve pansi pa mtengo.

Abambo anamwalira chaka chatha, ndipo mwa kufuna kwawo tinawaika ku manda a ku Area 18, osati kumudzi. Pa mwambo wa maliro amalume a ku Dedza, omwe aja anayang'ana pansi, ndiwo anaimirira kunena kuti malemu asiya mwana mmodzi wamwamuna, n'kunditchula dzina. Gogo uja sanathe kubwera, koma anatumiza nkhuku ndi mnyamata wa pa njinga mpaka pa msewu waukulu. Mnzanga wa chipinda chimodzi uja analipo, ndipo pobwerera anandifunsanso, mwakachetechete tsopano, kuti pa fomu ndimalemba mudzi uti. Ndinamuuza kuti ndimalembabe wa ku Dedza, chifukwa mpata wa pa fomu ndi umodzi.